Musagule twin cab ndi makutu, werengani chasisi



Kuno ku Mangochi pikapu ya twin cab ndi munda. Imanyamula usipa kuchoka ku Makanjira, imachita matola pa msewu wa Namwera mpaka ku Chiponde, ndipo tsiku la maliro ndiyo imakhala patsogolo. N'chifukwa chake anzathu ambiri akalandira ndalama zopumira pantchito amathamangira Hilux yakale. Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri amagula ndi makutu. Wogulitsa akangoti "iyi ndi ya ku Japan yeniyeni, bwana," basi ndalama za zaka 30 za choko zatuluka m'thumba.

Ine ndikuti galimoto imanena yokha kwawo, bola munthu adziwe powerenga.

Choyamba, nambala ya MH isakupusitseni. Imeneyo imangonena boma limene galimoto inalembetsedwa. Kumene inapangidwa kumadziwika ndi nambala ya chasisi. Pa Hilux zambiri zakale inadindidwa pa chitsulo cha chasisi, mbali ya kumanja pafupi ndi tayala lakutsogolo. Ilinso pa kachitsulo kamene kanakhomedwa mkati mwa boneti. Pukutani matope, muwerenge.

Ngati nambalayo ili ndi zilembo ndi manambala 17, zilembo zoyambirira ndizo zimatchula dziko ndi kampani. JT ndi Toyota ya ku Japan. AHT ndi Toyota ya ku South Africa, yopangidwa ku Prospecton mu mzinda wa Durban. MR0 ndi ya ku Thailand, kumene Hilux Vigo inayamba kupangidwa mu 2004. Mu nambala yotereyi simupezeka zilembo I, O ndi Q, kuopa kuzisokoneza ndi 1 ndi 0. Mukaziona, yambani kukayika.

Galimoto zimene zinagulitsidwa mkati mwa Japan zimakhala ndi nambala yaifupi, monga LN106, kenako kamzere ndi manambala ena. LN106 ndi Hilux ya pakati pa 1988 ndi 1997, ya injini ya dizilo ya 3L, malita 2.8. Kalelo Hilux inabadwira ku fakitale ya Hino ku Hamura, ku Tokyo, mu 1968. Choncho dzina ndi limodzi koma makomo obadwira ndi angapo.

Wina anena kuti Hilux ndi Hilux, bola ikuyenda. Ndikukana pa zifukwa ziwiri.

Choyamba ndi masipeya. Mabuku a zida za galimoto amayendera nambala ya chasisi. Mukatuma munthu ku Limbe kuti akagule chida pongonena kuti "cha Hilux 2.8," akhoza kubwera nacho chosalowa. Mwaononga thiransipoti, galimoto yakhala pa miyala sabata ziwiri, nsomba za anthu zapita ndi ena.

Chachiwiri n'chachikulu. Nambala ya pa chasisi, ya pa kachitsulo ka mu boneti ndi ya mu blue book ziyenera kufanana chilembo ndi chilembo. Zikasiyana, kapena pamalopo pakuoneka kuti panapalidwa, panaotcheredwa kapena panapakidwa penti yatsopano, mwina mukugula galimoto ziwiri zolumikiza, mwinanso yobedwa. Ife tili pafupi ndi malire, ndipo galimoto zambiri zimalowa kuchokera ku South Africa kudzera ku Mozambique. Apolisi akaigwira, wogulitsa uja simudzamuonanso. Pitani naye limodzi ku Road Traffic akaione musanapereke ngakhale tambala. Akayamba kuzemba, mwayankhidwa kale.

Sindikunyoza ya ku Durban kapena kutamanda ya ku Japan. Zonse n'zolimba ngati zinasamalidwa. Koma ngati munthu wakunamizani pa za kwawo kwa galimoto, pa za injini anena zoona? Paja chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Tsiku ndi tsiku timauza ana kuti asamangoloweza, aziona umboni. N'zamanyazi kuti ife omwe tizigula chinthu cha mamiliyoni osagwada pansi n'kuwerenga zilembo zitatu. Ndipo inu ophunzira athu akale amene muli ku Johannesburg ndi ku Cape Town, mukafuna kutumiza pikapu kwa makolo, yambani mwajambula nambala ya chasisi, mutumize kuno tiione.