WAPULUMUKA KU SITIROKO, NANGA ADYA CHIYANI?

Abale ndi alongo a m'Nthambi yathu,

Pali nkhani imene sitinaikambe mokwanira pa misonkhano yathu, ndipo tifuna kuiika poyera Komiti isanakhale pansi mwezi uno. Ndi nkhani ya anzathu amene matenda adzidzidzi anawagwetsa ali pa msinkhu wogwira ntchito, makamaka matenda aja a sitiroko, amene ena amati kufa ziwalo. Iwowa sanamwalire ayi. Achipatala anawabweza kumudzi ali moyo, koma dzanja limene linkagwira khasu linalefuka, mwendo akuchita kukoka, ndipo ena lilime lomwe linalemera.

Taonani m'mene timachitira munthu akamwalira. Uthenga usanafike mudzi wachitatu amayi afika kale ndi ufa ndi nkhuni, adzukulu ali kumanda ndi makasu, mbale ya chipepeso ikuyenda, ndipo palibe amene amafunsa ngati womwalirayo anali wa chipani chiti kapena mpingo uti. Maliro n'kulirana, ndipo mwambo umenewu tiusunge ndithu. Koma munthu yemweyo akapulumuka timachita chiyani? Timapita kukamuzonda sabata yoyamba, kuthokoza Mulungu, n'kubwerera kwathu, osapondakonso. Tinene mosabisa: mabanja ena akanalandira thandizo lochuluka mwini nyumba akanamwalira kusiyana ndi limene alandira iye ali moyo.

Poyamba tidziwe mdani wathu. Sitiroko imadza pamene mtsempha wopereka magazi ku ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo mbali ya ubongo imene yasowa magazi imayamba kufa. Mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo imalamulira mbali yakumanja ya thupi, n'chifukwa chake munthu amafa ziwalo mbali imodzi. Chachikulu chimene chimayambitsa ndi kuthamanga kwa magazi, BP ija. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO anayeza anthu m'dziko muno, napeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka zoyambira 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri a iwo sankadziwa n'komwe. Madokotala amene anafufuza odwala ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapezanso kuti mwa achinyamata kachirombo ka HIV kali ndi gawo lalikulu pa matendawa. Tsono awa si matenda a mabwana a m'maofesi, kapena a nkhalamba zokha. Ndiponso si ufiti. Pakamwa pa munthu pakapindika mwadzidzidzi, dzanja likagwa, mawu akamamveka ngati a woledzera chikhalirecho sanamwe, thamangirani naye ku chipatala ola lomwelo. Masiku amene timataya pofunafuna amene wamulodza ndi masiku amene wodwalayo sadzawapezanso, ndipo agogo osalakwa amatukwanidwa pachabe.

Tsono ndalama zimapita kuti, popeza zipatala za Boma ndi zaulere? Inde ndi zaulere, koma galimoto yonyamula wodwala si yaulere. Womudikirira ayenera kudya, ndipo masabata onse amene ali kuchipatala salima, sachita geni. Mankhwala akasowa ku chipatala cha Boma amakagula ku famase, kapena kupita ku chipatala cha mishoni kumene amalipira, ndipo chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zonsezi inakwera koopsa. Mbuzi imapita poyamba, kenaka njinga, kenaka chimanga cha m'nkhokwe. Zikatha amapita kwa a katapila. Pomaliza munda amaubwereketsa kwa wina pa mtengo wozizira, ndipo apo ndiye kuti banjalo lagulitsa chakudya cha chaka chamawa.

Ife amene timaphunzitsa timaziona zimenezi m'kaundula wa sukulu tisanazimve kwa wina aliyense. Mtsikana wa Sitandade 7 amene sankajomba ayamba kusowa Lolemba ndi Lachisanu, kenaka sabata yathunthu, ndipo tikafunsa timamva kuti ndiye akutembenuza bambo ake pamphasa pamene mayi apita ku ganyu. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere m'chaka cha 1994, koma mwana amene wasanduka namwino wa pakhomo ulere umenewo sumufika.

Pali chinthu china chimene tifuna kuti membala aliyense achimvetse, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Munthu wodwala sitiroko amachira kwambiri m'miyezi yoyambirira, makamaka itatu mpaka isanu ndi umodzi, ngati akuchita mafizo, ndiko kuti kuphunzitsanso dzanja ndi mwendo kugwira ntchito, tsiku ndi tsiku. Akangogonekedwa m'nyumba mfundo zimauma ndipo zilonda zimatuluka kumsana. Koma miyezi imeneyi ndi yomwe ija banja lilibe ngakhale ndalama ya minibasi. Malo ngati Kachere ku Blantyre, a bungwe la MAP limene linayamba ndi ntchito yolimbana ndi poliyo, ali kutali ndi ambiri a ife, ndipo ngakhale ku chipatala cha kuboma ulendo uliwonse ufuna ndalama ya anthu awiri. Munthu amene akanatha kuyendanso ndi ndodo, n'kumaweta nkhuku kapena kukhala pa okala, amakhala chigonere moyo wake wonse chifukwa chosowa thiransipoti ya maulendo owerengeka.

Nanga Boma? Malamulo alipo, ndipo tiyenera kuwadziwa. Dziko lino linakhazikitsa MACOHA m'chaka cha 1971, linapanga lamulo la anthu aulumali m'chaka cha 2012, ndipo m'chaka cha 2024 linadza lamulo latsopano limene linaika MACODA m'malo mwa MACOHA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, anapangidwira mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo banja la wodwala sitiroko ndi lotero ndithu. Vuto ndi lakuti maina amalembedwa patalipatali. Banja limene linali lopezako bwino tsiku la kalembera, lero lagwa, ndipo m'buku mulibemo. Za chipukuta misozi cha apantchito ndi za penshoni ndi za olembedwa ntchito. Mlimi, wakabaza, mayi wogulitsa tomato alibe bwana woti awalipire.

Achifundo ifenso timawayamika, ndipo mipingo ndi mabungwe achita zambiri. Koma tiyeni tione bwino chifundo chimene chimabwera kamodzi ndi galimoto, thumba la ufa ndi wojambula zithunzi. Njinga ya aulumali ndi chinthu chabwino, koma ikaperekedwa popanda kumuyeza munthu, m'mudzi wa mchenga ndi mitsitso, imathera kuseri kwa nyumba nkhuku zikuikiramo mazira. Ndipo ife andale tidziyang'ane tokha. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti. Ngakhale lamulolo pakanapanda, kuimika munthu wodwala patsogolo pa gulu atavekedwa nsalu ya chipani ndi kumuchotsa ulemu.

Ena adzati, "Nthambi si Boma, si chipatala, ntchito yathu ndi ndale." Abale, ngati timatha kusonkhanitsa anthu mazana pa bwalo kudzamvera mlendo wochokera ku likulu, tingalephere bwanji kusonkhanitsa makasu khumi? Makolo athu anali ndi dima. Munda wa mnzathu wodwala ukagaliridwa mvula isanagwe n'kubzalidwa ndi mvula yoyamba, tapulumutsa banja lonse ku njala popanda kutulutsa tambala. Anyamata a m'Nthambi angathe kusinthana kumuyendetsa wodwala m'mawa uliwonse, atafunsa kwa achipatala kachitidwe kake, kuti mwana uja abwerere m'kalasi.

Pa ndalama, tikupempha Komiti kuti ivomereze thumba lapadera, losasakanikirana ndi ndalama za makadi, loti lizilipira thiransipoti ya mafizo ndi mankhwala a BP akasowa, makamaka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Tikudziwa mantha amene alipo, pakuti matumba otere adyedwapo kwina. N'chifukwa chake Msungichuma aziwerenga bukulo mokweza pa msonkhano uliwonse, ndipo a mfumu ndi mmodzi wa amayi azisainira limodzi naye. Wothandizidwa asafunsidwe khadi la umembala.

Tidzapemphanso a Wapampando kuti atsogolere nthumwi zokaonana ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi ndi Khansala wathu, kuti mabanja amene agwa m'vutoli pambuyo pa kalembera aganiziridwe pa Mtukula Pakhomo, ndi kuti alangizi a zaumoyo abwere ndi makina oyezera BP tsiku la msika. Aliyense amene akudziwa khomo limene muli wodwala wotere abweretse dzina lake kwa Mlembi Loweruka lisanafike, atapempha kaye chilolezo kwa eni banja.

Mlembi wa Nthambi