Khanda lobanika pa bere: tafika pati kuchokera mu 2015?

Mu Meyi 2015, mayiko a m'bungwe la World Health Organization adagwirizana kuti opaleshoni ndi mankhwala ogonetsa zikhale mbali ya chithandizo chomwe munthu aliyense ayenera kulandira. Chaka chomwecho akatswiri a Lancet Commission adaika mlingo: pofika 2030, anthu 80 mwa 100 alionse azifika kuchipatala chochita opaleshoni maola awiri asanathe. Tiyeni lonjezoli tiliyese pa khanda.

Pali ana ena, ochepa ndithu, amene amabadwa ndi kathumba ka madzi patsinde pa lilime, pamwamba penipeni pa njira ya mpweya. Mwana wotere akamakoka mpweya pakhosi pamalira. Akagwira bere amayamwa pang'ono, n'kutsamwa, n'kulisiya, nthawi zina milomo itada. Kusikelo thupi silikwera. Chikhalirecho mankhwala ake ngodziwika: dokotala amalowetsa chounikira kudzera m'kamwa, n'kudula denga la kathumbako kuti madzi asadzadzemonso. Kungopopa madziwo ndi jakisoni sikukwanira, chotupacho chimabwerera. Chovuta kwambiri ndi kumugoneka mwanayo, pakuti chotupa chomwecho chimatchinga polowera paipi yopumira.

Pali zomwe zachitika. Mu Julaye 2017 chipatala cha Mercy James chidatsegulidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chili ndi zipinda za opaleshoni ya ana komanso malo osamalira ana odwala mwakayakaya, oyamba m'dziko muno. Ntchito ya opaleshoni ya ana yomwe Pulofesa Eric Borgstein adaisenza zaka zambiri idapeza nyumba, ndipo madokotala achinyamata akuphunzirira pomwepo.

Koma chatiphunzitsa zaka zimenezi n'chakuti mwana amatayika asanafike pakhomo la nyumbayo. Pachipatala chaching'ono, phokoso la pakhosi limafanana ndi chibayo. Mayi amapatsidwa mankhwala, amabwerera kumudzi, sabata yamawa abweranso. Sitikuloza chala wachipatala yemwe ali yekha ndi mzere wa odwala wofika panja. Chizindikiro chomwe sanaphunzitsidwe sangachizindikire. Ndiye palinso mtunda: kuchoka ku Chitipa kufika ku Blantyre ndi ulendo wa tsiku lathunthu.

Zaka zotsala kuti 2030 ikwane n'zowerengeka. Ife tikuona kuti ndalama zipite kaye kwa anthu: ogonetsa odziwa makanda m'zipatala za Kamuzu Central, Mzuzu ndi Zomba, komanso kuphunzitsa anamwino ndi alangizi a zaumoyo kuti khanda lolira pakhosi, lokanika kuyamwa, alitumize kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, pa ambulansi yokhala ndi mafuta ndi mpweya wa oksijeni.