Gaba yekha sakadasenza denga

Pa depoti ya Balaka ndi m'nyumba zoonetsera mpira, mkangano uwu sukutha: kodi Flames idafika mu ndime ya matimu 16 ya Africa Cup of Nations ku Cameroon mu 2022 chifukwa cha Gabadinho Mhango yekha?

Omuikira kumbuyo ali ndi mfundo. Zigoli zonse zitatu zomwe Malawi idapeza kumeneko adamwetsa ndi iyeyo: ziwiri pogonjetsa Zimbabwe 2-1, ndi chapatali chija tsiku lomwe Morocco idatulutsa Flames 2-1.

Koma ambiri amaiwala masewero a Senegal, omwe adathera 0-0. Gaba sadagoletse. Adagwira ntchito ndi goloboyi Charles Thom ndi otchinga kumbuyo, omwe adatsekereza Sadio Mané ndi anzake. Senegal yomweyo ndiyo idadzatenga chikhocho. Pointi ya tsiku limenelo idafikitsa Malawi pa mapointi 4, omwe adaidutsitsa m'gulu.

Vuto la mkanganowu limaonekera pabwalo la sukulu. Mwana aliyense akufuna kutsogolo, ndipo pagolo amakankhirapo wamng'ono kapena wobwera mochedwa.

Makolo, mwana akabwera n'kunena kuti lero sadagoletsetse, muyamikireni ngati wamwetsa chigoli. Flames ya mawa idzafunanso Thom wina.