Kuseka timadziwa, a mestre

Ukadandaula za zolaula za m'timashopu tokonza mafoni, yankho limakhala lokonzeka kale: "Aa, tikungocheza, inu simudziwa kuseka?" Kuno ku Chimadzi, mumzinda wa Tete, ndimalimva ngakhale kwa anyamata amene luso lawo ndimalivulira chipewa, oti foni yogwera m'madzi amaidzutsa.

Kuseka timadziwa. Asuweni amanyozana mpaka misozi mbwembwembwe, adzukulu pamaliro amalankhula zoti wina sangayerekeze. Koma chisuweni chili ndi lamulo lake: wonyozedwa amabwezera, ndipo mawa palibe wochotsedwa ntchito. Mtsikana amene wabwera kudzaphunzira kusintha magalasi a mafoni sangabwezere. Amene akuseka za chiuno chake ndi yemweyo amene amupatse ndalama yokwerera chapa madzulo, yemweyonso amene agamule ngati lero atsegule foni kapena azingosesa. Amaseka nawo ndi mano okha, masabata angapo, kenako osabweranso. Otsala aja amagwedeza mitu n'kumati zamagetsi akazi sazitha.

Palinso wokonzetsa foni. Mufonimo muli ndalama zake za M-Pesa kapena e-Mola, mauthenga a pa WhatsApp, zithunzi za m'nyumba mwake. Mayi amene wamva momwe mukukambira thupi la mtsikana wodutsa pamsewu amadzifunsa kuti foni yake ikagona pamenepo, zithunzi zake zionedwa ndi anthu angati. Sakalipa ayi. Amangoti abweranso mawa.

Musaganize kuti ndi vuto la timashopu ta malata tokha. Mu 2017 Susan Fowler, yemwe kale anali injiniya wa kampani ya Uber ku America, adaulula zachipongwe zimene bwana wake ankamulembera, ndi momwe akuluakulu adazikwiririra. Anthu opitirira 20 adachotsedwa ntchito, ndipo mkulu wa kampaniyo, Travis Kalanick, adatula pansi udindo chaka chomwecho. Kwathu kuno lamulo latsopano la ntchito, nambala 13/2023, limaletsa kuchita anthu zachipongwe pantchito. Chabwino. Koma wophunzira ntchito wopanda pepala lililonse losainirana angayambire pati kukasuma? Lamulo lake ndi pakamwa pa mwini shopu.

Ndiye a mestre, nkhaniyi ndi yanu. Za mpira sekani, za kutentha kwa Tete sekani, tiseka nanu. Mnyamata wanu akayamba za mabere a munthu, mudzudzuleni pomwepo, mtsikanayo akumva.