Ndalama za pa intaneti sizimanga mlatho

Alimi anzathu, ku msika wa Mbayani komwe timakagulitsa tomato ndi mbatata, achinyamata ena akutilangiza kuti phindu lathu tizisunga mu Bitcoin, ndalama ya pa intaneti yomwe idayamba mu 2009. Akuti kumeneko msonkho sufikako, ndipo osauka azingothandizidwa ndi akufuna kwabwino.

Nkhawa yawo ndi yomveka. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fetereza nkukwera mtengo. Komatu Reserve Bank of Malawi idachenjeza mu 2019 kuti ndalama zoterezi si zovomerezeka ndi malamulo ngati kwacha. Zikasowa, tikadandaula kwa yani?

Namondwe Freddy atasakaza ku Chilobwe mu Malichi 2023, akufuna kwabwino adabweretsa ufa ndi mabulangete. Tidathokoza. Koma chifundo sichikakamizidwa. Wopereka akatopa amaleka. Milatho, misewu yakumidzi ndi malipiro a alangizi azaulimi zimadalira msonkho.

Choncho tisauthawe msonkho. Tizilipira, kenaka tiziwafunsa makhansala ndi aphungu athu kuti ndalamazo zagwira ntchito yanji. Wopereka mphatso sitingamufunse chotero.