Kodi Mabuku a Masewero a M'makina Ndi Otayitsa Nthawi?

Alipo aphunzitsi amene akaona mwana akuwerenga buku lonena za masewero a pa kompyuta, zinjoka zolavula moto ndi malupanga amatsenga, amapukusa mutu nanena kuti mwanayo akutaya nthawi. Ife tikuti mlandu umenewu usaweruzidwe mofulumira, pakuti ena mwa mabukuwa amafunsa mafunso olemera ndithu.

M'nkhani zotere wosewera amavala chipangizo kumaso, ndipo maso ndi makutu ake amalowa m'dziko lopangidwa ndi kompyuta, mmene amayenda, kumenya nkhondo ndi kusonkhanitsa chuma monga ngati alidi komweko.

Taonani buku lotchedwa Epic, limene Conor Kostick wa ku Ireland anatulutsa m'chaka cha 2004. M'dziko la m'bukuli chiwawa n'choletsedwa, motero milandu imathera pa kumenyana kwa m'masewero, ndipo chuma ndi ulemu wa munthu zimachokeranso komweko. Ana amachezera kusewera poyembekeza kudzatukula makolo awo. Koma akuluakulu olamula anadzikundikira kale zida zoposa za wina aliyense, kotero kuti mlimi wamba sangawagonjetse. Mnyamata Erik ndi anzake atapha chinjoka nalemera, sanakhutire ndi chumacho, koma anayamba kufunsa ngati n'chilungamo kuti moyo wa anthu onse upachikidwe pa masewero amodzi.

Funso lofanana nalo lili m'buku la Ready Player One, limene Ernest Cline wa ku America anatulutsa mu 2011, ndipo Steven Spielberg analisandutsa kanema mu 2018. Wade Watts, mwana wamasiye wosauka, amaphunzira sukulu m'dziko la m'makina lotchedwa OASIS, pamene kampani ina yaikulu ikufuna kulanda dzikolo kuti izilipiritsa anthu.

Inu amene mwangotsiriza sukulu mukudziwa bwino kuwawa kwake kwa mpikisano umodzi umene umagamula tsogolo la munthu. Mabukuwa sakukuuzani kuti muthawe mpikisanowo ayi. Akukuphunzitsani kufunsa kuti malamulo ake anaika ndani, nanga akupindula nawo ndani.

Sitikana kuti ambiri a mabuku a mtunduwu ndi mankhusu okhaokha, ongowerengera zida zimene ngwazi yatola ndi adani amene yapha. Muyeso wake ndi uwu: kodi ngwaziyo ikavula chipangizo chija, yasintha chiyani pakati pa anthu enieni? Ngati palibe, bukulo n'lopanda pake.

Choncho aphunzitsi, musalande bukulo m'manja mwa mwana. Liwerengeni inunso, kenaka mumufunse funso limeneli m'kalasi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno: mwana amene wayamba kale kukonda kuwerenga ndiye chuma chimene muli nacho m'manja, ndipo ntchito yanu ndi kumuthandiza kusiyanitsa maso a chimanga ndi mankhusu.