Tisadikire mbiri ya pamaliro kuti tiyamikire mpira wa atsikana athu

Amayi anzanga, palibe gulu m'parishi limene limafika pa maliro ambiri kuposa inu. Ndinu mumasonkha moto, mumagona pasiwa, mumatsogolera kolona usiku, ndipo mbiri ya womwalira ikamawerengedwa mumakhala pafupi ndi bokosi. Choncho mukudziwa zimene banja limanena likataya mwana wamkazi. Amatchula tsiku limene adabatizidwa, chaka chimene adalandira Ukaristia koyamba, ndi kuti ankavina m'gulu la Stella kapena kuimba kwaya. Akafika pa masewera, nkhope za abale zimawala pang'ono: ankakonda ntchemberembaye, ankabwera kunyumba fumbi lokhalokha, mawondo atanyuka, akuseka. Anzake a timu amafika atavala majezi, atanyamula nkhata. Ndi zimenezi banja limasunga mumtima, ndipo chithunzi chimene amapachika pakhoma nthawi zambiri chimakhala cha diresi loyera la Ukaristia kapena cha jezi.

Koma taonani mmene zilili kwa atsikana amoyo ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona. Mtsikana akaweruka kusukulu amapeza ndowa ikumudikira kuti akaime pamzere kumpope. Akabwerako pali makala oti ayatse, mwana woti abereke, mandasi oti akagulitse kumsewu. Mchimwene wake amaponya chikwama pakhonde n'kuthamangira kubwalo ndi mpira wachikulunga, ndipo palibe amamufunsa. Mtsikanayo akangotha msinkhu, ngakhale jingo ndi fulaye zimatha, akuti wakula. Ine ndikuti chinthu chimene tidzachitchule ndi chikondi chotere mwana atapita, n'choyenera kuchipatsa nthawi mwanayo ali moyo.

Tiyambe ndi thanzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Zaka zimenezi ndi pamene mafupa amakhwima, ndipo kuthamanga ndi kudumpha kumawalimbitsa. Mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito, tulo timabwera bwino, nkhawa zimachepa. Mwina munena kuti ntchito zapakhomo n'zokwanira. Kusenza madzi kumatopetsa thupi ndithu, koma sikupatsa mwana anzake, chimwemwe, kapena mwayi wophunzira kupambana ndi kugonja popanda kumenyana. Ndipo inu alangizi, thandizani kuchotsa bodza lija lakuti mtsikana wosewera mpira sadzabereka, kapena kuti sayenera kuthamanga akakhala kumwezi. Masewera sawononga chiberekero. Chimene amafunika masiku amenewo ndi mapadi kapena nsalu zoyera, malo osinthira, ndi chakudya chowonjezera magazi monga nyemba, usipa ndi masamba obiriwira.

Mantha aakulu a makolo ndi mimba, ndipo mantha amenewa ali ndi maziko. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Koma dzifunseni: atsikana amene mukuwadziwa kuti adatenga mimba ali pasukulu, angati adaitengera kubwalo la mpira? Ambiri adakumana ndi wowanyenga potumidwa kumsika madzulo, pogulitsa malonda kudepoti, kapena pakhomo pomwe makolo atachoka. Mtsikana wa m'timu amakhala ndi malo odziwika, nthawi yodziwika, ndi anzake khumi amene angafunse akapanda kubwera.

Dziko lathu lili ndi zitsanzo. Tabitha Chawinga adakulira ku Rumphi, ndipo iye mwini adanenapo kuti makolo ake poyamba sankafuna kuti azisewera mpira wa miyendo. Adabwera kuno ku Lilongwe ali wamng'ono kudzasewera m'timu ya DD Sunshine, ndipo mu 2014 adapita ku Sweden. Adadzakhala womwetsa zigoli zambiri m'ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, kenako m'ligi ya ku France ali ku Paris Saint-Germain. Mng'ono wake Temwa adamwetsa zigoli 20 m'ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Mu 2023 timu ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1. Ku ntchemberembaye, Mwawi Kumwenda adasankhidwa kukhala wosewera bwino kwambiri pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015. Sindikunena kuti mwana wanu adzafika kumeneko. Mwa ambiri amene amasewera, ochepa zedi ndi amene amadyera mpira, n'chifukwa chake sukulu iyenera kukhala patsogolo. Koma onsewa adayambira pa bwalo lafumbi ngati lomwe lili kuseri kwa tchalitchi chanu.

Tabitha yemweyo adaululanso mu 2021 kuti ali wamng'ono adakakamizidwapo kuvula pa masewera kuti anthu atsimikize kuti ndi mtsikana. Nkhani imeneyi ikutiuza kuti kubwalo kulinso zoopsa: anthu onyoza, aphunzitsi a timu opanda khalidwe, maulendo obwerera usiku. Yankho lake ndi lakuti kubwaloko kuzipezeka amayi. Mumagawana masiku osesa m'tchalitchi ndi oyendera odwala. Gawananinso masiku okhala pambali pa bwalo, awiriawiri. Timu ikamapita kukasewera ku parishi ina, mayi mmodzi kapena awiri akwere nawo minibasi, ndipo onse abwerere dzuwa lisanalowe. Kochi wamwamuna asakhale yekha ndi mtsikana, asamuitanire kunyumba kwake, asamutumizire mauthenga usiku. Kochi wabwino sangakhumudwe ndi malamulo otere, ndipo amene angakhumudwe nawo wakuuzani kale chimene ali.

Ena amaona ngati mpira ukulimbana ndi chikhulupiriro. Mpingo suona choncho. Paulo Woyera, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto mutu 9, adayerekeza moyo wa mkhristu ndi mpikisano wa liwiro umene umafuna kudziletsa. Don Bosco Woyera, amene ansembe a chipani chake akutumikira ku Area 23, adakokera ana osauka a mumzinda wa Turin kwa Mulungu kudzera m'bwalo la masewera, ndipo bwalolo lidali pafupi ndi tchalitchi ndi kalasi. Mu 2018 likulu la Mpingo ku Vatican lidatulutsa chikalata chapadera chofotokoza mmene mkhristu ayenera kuonera masewera. Mtsikana amene waphunzira kufika pa nthawi, kumvera woimbira, kupereka mpira kwa mnzake amene ali pamalo abwino, ndi kupatsa moni amene amugonjetsa, waphunzira zambiri zimene timavutika kumuphunzitsa ku Tilitonse ndi pakamwa pokha. Ngati masewera akugundana ndi Misa kapena maphunziro a Ulimbitso, khalani pansi ndi akatekisiti ndi atsogoleri a achinyamata, mugwirizane nthawi.

Zoti muchite sizifuna ndalama zambiri. Pa msonkhano wa bungwe la parishi funsani kuti bwalo limagwiritsidwa ntchito ndi ndani masiku ati. Mukapeza kuti anyamata atenga sabata yonse, pemphani bambo mfumu kuti masana awiri akhale a atsikana. Mizati iwiri ya ntchemberembaye wowotcherera zitsulo wa mumphakati mwanu atha kupanga, ndipo mizere imalembedwa ndi phulusa kapena laimu. Pa zopereka za gulu patulani kangachepe kogulira mpira ndi mapadi. Pa nkhani ya zovala, kabudula wofika m'mawondo ndi kamisolo kogwira bwino zimathetsa manyazi amene amachotsa atsikana ambiri kubwalo. Kunyumba, gawani ntchito mofanana: mnyamata nayenso ali ndi manja otungira madzi ndi kutsuka mapoto. Ndipo tsiku lina tengani ana anu mukaonere masewera a amayi ku Bingu National Stadium kapena ku Griffin Saenda Sports Complex, aone ndi maso awo kuti mtsikana wa ku Malawi amaomberedwa m'manja.

Kwa inu amene mudaika kale mwana wamkazi m'manda, mawu awa asakhale ngati mlandu. Mudamukonda monga mudathera, ndipo Ambuye akudziwa. Jezi yake, kolona yake, chithunzi chake, sungani. Muzimutchula dzina pakhomo, ang'ono ake amve nkhani za zigoli zake ndi nthabwala zake, chifukwa kukhala chete sikuchiza chisoni. Mwezi wa Novembala, pamene timapempherera omwalira, muperekereni Misa. Ndipo ngati mtima ukulola, mukamakonza za chiliza ganiziraninso za kachikho kakang'ono kotchedwa dzina lake, koti atsikana a m'miphakati azipikisanirana chaka ndi chaka Misa yachikumbutso ikatha. Amayi a gulu, banja lotere liyendereni ngakhale patapita miyezi, pamene ena onse adasiya kubwera, ndipo mulole mayiyo akambe za mwana wake mpaka atakhutira.

Inu amene ana anu ali moyo, Loweruka likubwerali funsani mwana wanu kuti amasewera nambala yanji ndipo masewera ayamba nthawi yanji. Vindikirani ndiwo, mangani chitenje, mupite mukaime pambali pa bwalo. Akagoletsa, lululuzani mokweza kuti adziwe kuti nthungululuyo ndi ya amayi ake.